Zidutswa za m'mphepete mwa pepala zikukudyerani zingati?

M'fakitale ya mapepala muli mkangano umene sutha. Kapitawo wa ku makina amati zidutswa zodulidwa m'mphepete mwa pepala sizitayika, chifukwa zimabwerera m'thanki, zimasungunuka, n'kudzatulukanso ngati pepala. Akauntanti amatenga matani a zidutswazo, n'kuchulukitsa ndi mtengo wogulitsira pepala, n'kupita kwa bwana ndi nambala yoimitsa mutu. Pamsonkhano wa Lolemba wina akuti palibe chatayika, wina akuti apita ndi mamiliyoni, ndipo bwana, posowa womukhulupirira, amangoti tione nkhani ina. Onse awiri akuphonya. Ngati ntchito yowerengera mtengo wa zidutswazi yagwera inu, nambala yoona ili pakati pa awiriwa, ndipo simungaipeze pongophatikiza manambala awo n'kugawa pawiri.

Yambani ndi makilogalamu, ndalama zibwere pambuyo. Pepala limadulidwa m'mphepete kawiri. Koyamba ndi kumayambiriro kwa makina, pa sefa pomwe phala limathiridwa. Pothiridwa limakhala madzi pafupifupi okhaokha, ulusi wa mtengo osakwana n'komwe gawo limodzi pa 100. Timipopi tiwiri topopera madzi mwamphamvu timadula mbali zonse ziwiri kumapeto kwa sefa, pepala likadali lonyowa, ndipo zodulidwazo zimagwera m'dzenje pansi pa makina n'kubwerera m'phala nthawi yomweyo. Kenako pepala limafinyidwa, n'kudutsa pa masilinda otenthetsedwa ndi nthunzi mpaka liume. Kachiwiri ndi pa winder, pomwe mipeni yozungulira imagawa chimpukutu chachikulu kukhala mipukutu ya makasitomala. Timizere ta m'mbali timayamwidwa ndi paipi ya mpweya kupita ku pulper, thanki yosungunulira mapepala. Anthu a m'mafakitalewa amatcha zobwererazi broke. Za pa winder ndi zimene zimadya ndalama zambiri, ndipo kuziwerenga sikufuna digiri: m'lifupi mwa chodulidwacho, kuchulukitsa ndi liwiro la makina, kuchulukitsanso ndi kulemera kwa pepala pa sikweyamita, kumene timati gsm.

Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza, inu muikepo anu. Tinene kuti pepala likufika pa winder lili mamilimita 4,200 m'lifupi, ndi la 80 gsm, ndipo makina akuthamanga mamita 600 pa mphindi. Kasitomala waitanitsa mipukutu ya mamilimita 1,000. Mutulutsa inayi, ndipo mamilimita 200 atsala. Mamita 0.2 kuchulukitsa ndi 600, kuchulukitsanso ndi magalamu 80, mupeza makilogalamu 9.6 pa mphindi. Pa ola ndi makilogalamu 576. Makina akayenda usana ndi usiku osaima, ndi matani pafupifupi 14. Kamzere kamene mukakayang'ana pa winder kamaoneka ngati kalamba chabe kakutulutsa katundu wa lole tsiku lililonse.

Musapite kwa bwana ndi matani 14 onsewo. M'mphepete mwenimweni mwa pepala simungagulitsidwe: mumauma mosiyana ndi pakati, mumakwinyika, nthawi zina mumang'ambika. Mpeni uyenera kuchotsako ndithu. Ngati makina anu amafuna mamilimita 25 mbali iliyonse, ndiye kuti 50 ndi msonkho wa makinawo, palibe amene angauzembe. Otsala 150 ndiwo mlandu, chifukwa anadulidwa kaamba koti maoda sanadzaze m'lifupi monse. M'chitsanzo chathu amenewa ndi matani 10.4 pa tsiku. Lembani manambala awiriwa m'mizere yosiyana. Mukawasakaniza, kapitawo adzaimirira n'kunena kuti mukumuimba mlandu wa chinthu chosapeweka, ndipo adzakhala akunena zoona. Lipoti lanu lonse lidzafera pomwepo.

Tsopano mtengo wa tani imodzi. Amene anaumbapo zidina akudziwa kuti chidina chikasweka chisanawotchedwe dothi silitayika, limabwerera m'nkhuti. Koma madzi amene munatunga, ndalama ya woumba ndi masiku amene chinakhala padzuwa, zimenezo zapita. Ulusi wa m'zidutswa umabwereradi, ndipo apa kapitawo akulondola. Chimene sichibwerera ndi zonse zimene zinachitika pa ulusiwo kuchokera pa sefa kukafika pa mpeni: magetsi oyendetsa mapampu ndi mamota, mankhwala amene ena mwa iwo amatha mphamvu pepala likasungunulidwanso, ndipo koposa zonse nthunzi. Pepala likamachoka pofinyira, theka la kulemera kwake kapena kuposerapo limakhala likadali madzi. Madzi amenewo amachoka ndi kutentha basi, n'chifukwa chake gawo loumitsira ndi limene limadya nthunzi yambiri pa makina onse. Tani ya zidutswa youma yalipiridwa kale zonsezi, ndiye inu mukuinyowetsanso, n'kuyatsa pulper kuti iisungunule, kuti mudzalipirenso kachiwiri. Ulusi wina waung'onoung'ono umapitanso ndi madzi ulendo uliwonse.

Ndiye chiwerengero choyamba n'chimenechi: nthunzi, magetsi ndi mankhwala pa tani, kuphatikiza mtengo wosungunulanso. Tiyerekeze kuti zoyambazo ndi $150 ndipo kusungunula ndi $20. Tani ya zidutswa ikukudyerani $170. Malipiro a pamwezi a antchito, lendi ndi ngongole ya ku banki musaziikemo. Zimenezo mudzalipira ngakhale zidutswa zitatheratu, choncho si zidutswa zimene zikuzibweretsa.

Koma pali funso limodzi limene limasintha zonse, ndipo yankho lake lili ku ofesi ya zamalonda osati ku makina: kodi pepala lililonse limene makinawa angapange lili ndi woligula? Ngati msika wazizira ndipo makina amaima masiku ena posowa maoda, kuchepetsa zidutswa kungotanthauza kuti mumaliza oda msanga n'kuzimitsa. Mwapulumutsa $170 yokha ija. Ngati maoda ali pamzere ndipo makasitomala akudikira, nkhani ndi ina. Mamilimita 150 aja akanakhala pepala logulitsa. Tinene kuti pepala likugulidwa pa $900 pa tani, mutachotsa kale zokutira ndi thiransipoti, ndipo ulusi watsopano woti ulowe m'malo mwa zidutswa zimene sizikubwereranso ndi $550. Chimene mukutaya ndi $350, kuonjezapo $20 yosungunulira, ndiye kuti $370. Pa matani 10.4, njira yoyamba ikupereka $1,768 pa tsiku, yachiwiri $3,848. Makina omwewo, mpeni womwewo, zidutswa zomwezo. Ine ndimati lembani manambala onse awiri ndipo muonetse kuti mwezi uno tili pa iti. Wopereka nambala imodzi osanena kuti msika uli bwanji sanamalize ntchito.

Onani kuti $900 ya akauntanti uja sikupezeka paliponse ngati mtengo wa zidutswa. Imangoyandikira kukhala yoona pamene zidutswa sizingabwerere. Pepala lothiridwa mankhwala kuti lisasungunuke likanyowa, monga la matawulo opukutira m'manja ndi la malebulo ena, limavuta ku pulper, limafuna kutentha ndi mankhwala apadera. Lomatidwa pulasitiki silibwerera mwachisawawa. La mtundu wofiira silingalowe m'phala la loyera, limayenera kumangidwa m'mabelo kudikira tsiku limene mudzapangenso lofiira, ndipo podikirapo likudya malo. Choncho musakhale ndi mtengo umodzi wa zidutswa pa fakitale yonse. Mtundu uliwonse wa pepala ukhale ndi wake. Dziwaninso kuti makina ali ndi malire a broke amene angalandire. Ikachuluka, phala limasintha khalidwe, pepala limatha kumaduka pafupipafupi, ndipo kuduka kulikonse kumabala broke ina.

Pali kanthu kamene oyendetsa makina akale amadziwa koma sikafika kawirikawiri pa tebulo la owerengera. Mukadziwiratu kuti oda ya lero idzaza mamilimita 4,000 okha, n'chifukwa chiyani mukuumitsa 4,200? Timipopi ta kumayambiriro tija timasunthika. Mukatikankhira m'kati pang'ono, chochulukacho chimadulidwa chikadali chonyowa, chisanadye nthunzi. Sizitheka mopitirira muyezo, chifukwa dzenje la pansi lili ndi malire ake ndipo masilinda osaphimbidwa m'mbali amatha kuumitsa m'mphepete mopambanitsa. Koma pamene zikutheka, tani yodulidwa yonyowa ndi yotsika mtengo kwambiri kuposa yodulidwa youma. Sizikubwezerani malonda amene mwataya, zimangochepetsa bilu ya nthunzi. Kafunseni amene amayendetsa makinawo kuti angasunthe mamilimita angati popanda vuto, ndipo muwafunse mwaulemu, pa shifiti yawo, osati kuwaitanitsa ku ofesi.

Mankhwala enieni ali pa kasanjidwe ka maoda. M'lifupi mogwiritsika muli mamilimita 4,150. Mipukutu inayi ya 1,000 ikusiya 150. Koma ngati pali kasitomala wina wa pepala lomwelo amene akufuna ya 1,150, itatu ya 1,000 ndi umodzi wa 1,150 zikudzaza ndendende. Iwiri ya 1,000 ndi itatu ya 700 zikusiya 50. Ndi maoda atatu mungathe kusanja ndi pensulo. Akafika makumi awiri, njira zosanjira zimachuluka moti mutu wa munthu sungazione zonse. Vutoli ndi lakale ndipo linavutitsa akatswiri a masamu. Leonid Kantorovich, wa ku Leningrad, analilemba mu 1939 m'kabuku kake ka masamu okonzera ntchito za m'mafakitale, ndipo mu 1975 analandira mphotho ya Nobel ya zachuma. Mu 1961 Paul Gilmore ndi Ralph Gomory a ku IBM anapeza njira yoti kompyuta izilithetsa popanda kuyesa kasanjidwe kalikonse kamodzikamodzi, ndipo mapulogalamu ambiri a m'mafakitale a mapepala anamangidwa pa maganizo amenewo. Kampani yaing'ono isathamangire kugula pulogalamu yodula. Solver wa mu Excel amakwanitsa maoda ochepa, bola wina akhale pansi alembe m'lifupi monse molondola.

Chenjezo langa pa makompyutawa n'lakuti amachita chimene mwawauza. Mukati ndichepetsere zidutswa basi, kompyuta idzakupatsani masanjidwe khumi ndi awiri osiyana, aliyense wofuna kuimitsa winder n'kusuntha mipeni. Winder ikatsalira m'mbuyo, zimipukutu zimaunjikana ndipo makina aakulu amakakamizika kuchepetsa liwiro. Mphindi za makina aakulu n'zodula kuposa mamilimita ochepa amene mwapulumutsa. Ikani mtengo pa kusintha mipeni kulikonse, ngakhale wongoyerekeza, kuti kompyuta idziwe kuti si zaulere.

Palinso chinyengo chimene chimabadwa tsiku limene bwana walengeza kuti bonasi idzatengera kuchepa kwa zidutswa. Mwadzidzidzi lipoti likuonetsa pafupifupi ziro. Pitani ku nyumba yosungira katundu. Mukapeza timipukutu topapatiza ta mamilimita 150 ndi 200, topanda dzina la kasitomala, titasanjidwa pakona, fumbi lili mbuu pamwamba, ena ataphwanyika m'mbali ndi foloko ya galimoto yonyamulira. Munthu anangoika mpeni wina n'kutcha chidutswa kuti sitoko. M'mabuku chikuoneka ngati chuma, pomwe chadya kore wa pakati, chokutira, malo ndi chiwongoladzanja, ndipo pakatha chaka chidzapita ku pulper komwe chikanapita tsiku loyamba. Lamulo lake likhale losavuta: mpukutu wopanda oda ukakhala miyezi imene mwagwirizana, uwerengedwe ngati zidutswa za mwezi umene unadulidwa. Chimodzimodzi ndi kupanga mopitirira oda. Makasitomala ambiri amalola kuti muonjezere kapena kuchepetsa pang'ono, ndipo gawo limenelo n'lothandiza posanja. Chopitirira pamenepo n'chotaya chobisala.

Zonsezi n'za kumene kuli makina opanga pepala, monga Ngodwana ya Sappi ndi Richards Bay ya Mondi ku South Africa, kapena Mufindi ku Tanzania. Kuno kwathu paini wa ku Chikangawa anabzalidwa ndi cholinga choti adzadyetse fakitale ya phala la mapepala, koma fakitaleyo sinamangidwe. Ambiri amene amagwira ntchito ya mapepala ku Blantyre ndi ku Lilongwe ndi osindikiza, opanga makope a ana asukulu, opanga makatoni ndi odula tishu, ndipo pepala lawo lambiri limachokera kunja. Kwa iwo masamu ndi ofupika koma owawa kwambiri. Alibe pulper. Chimene mpeni wadula chapita, ndipo apa akauntanti uja ali pafupi ndi choonadi kuposa kapitawo.

Mtengo wa kilogalamu ya zidutswa kwa wodula wa kuno ndi mtengo wa pepala litafika pakhomo pake, kuchotsapo zimene ogula zinyenyeswa angamupatse. Litafika pakhomo, osati wa pa invoisi ya wogulitsa. Muikemo thiransipoti kuchokera ku Durban, Beira kapena Nacala, inshuwalansi, msonkho wolowetsera katundu ngati ulipo pa mtundu umenewo, wokuombolerani katundu pa chipata, ndi zimene banki yadula posintha ndalama. Kachidutswa kali pansi pa gilotiniko kanakwera lole ndipo kanalipira malo ake ngati pepala lina lililonse. Ndipo gwiritsani ntchito mtengo umene mungagulire pepalalo lero, osati umene munagulira miyezi isanu yapitayo. Amene anali ndi sitoko mu November 2023, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, anaona okha kuti pepala la m'nyumba yosungira linasintha mtengo usiku umodzi lili phee pa shelefu. Pamene ndalama zakunja zikusowa, tani yotayika ingatanthauzenso oda imene mudzakane chifukwa pepala latha kontena ina isanafike.

Kwa wosindikiza, chotaya chachikulu chimagamulidwa pa kauntala, polandira oda, mpeni usanatsike. Pepala lalikulu la mamilimita 610 ndi 860 limatulutsa ma A4 asanu ndi atatu, n'kutaya pafupifupi 5 peresenti, imene mbali ina imafunika ndithu kuti makina agwirepo ndi kuti mpeni uyeretse m'mbali. Ndiye kukubwera kasitomala: "Achimwene, ndikufuna timapepala 10,000, koma tikuleko pang'ono, 230 ndi 320." Mukasanja mwachizolowezi, pepala lalikulu lija likutulutsa tinayi tokha ndipo 44 peresenti ikugwera pansi. Mufunika mapepala aakulu 2,500. Pa 80 gsm lililonse limalemera magalamu 42, ndiye kuti pa makilogalamu 105 amene mwagula, 46 ndi zinyenyeswa. Wodula waluso angatembenuze titatu n'kutulutsa tisanu, mapepala aakulu n'kutsika kufika pa 2,000, ngakhale kuti kutembenuza kumasokoneza mbali imene ulusi wa pepala wagonera, ndipo pa ntchito yopinda kapena yomanga buku zimenezo zimaoneka. Pa A4 mukanangofuna 1,250. Wolandira oda akhale ndi manambala atatuwa pamaso pake n'kunena kuti, "Bwana, saizi imeneyi itheka, koma pepala lake ndi lowirikiza. Mukatsika masentimita awiri, mtengo utsika chonchi." Ambiri amatsika. Amene akana alipire pepala lonse, ndi logwera pansi lomwe. Kotesheni yowerengera pepala limene kasitomala wanyamula lokha imakusiyirani inu bilu ya zinyenyeswa zake.

Odula kuchokera ku mipukutu aonenso m'lifupi mwa mipukutu imene amaitanitsa. Kawirikawiri mumapeza kuti kampani ikugulabe saizi imene inasankhidwa kalekale chifukwa cha ntchito imene inasiya kubwera. Tengani maoda a chaka chathachi, muone saizi zimene zimabwera kwambiri, muwerengere kuti mpukutu wa m'lifupi motani ukanataya zochepa. Mpukutu wodulirapo pang'ono pa tani koma wokwana bwino ukhoza kutsika mtengo pa pepala logulitsika. Nambala yoyerekezera mipukutu iwiri ndi imeneyo: mtengo wa tani kuugawa ndi gawo limene limasanduka katundu.

Zowerengera pa pepala zizikumana ndi sikelo. Kwa mwezi umodzi, zinyenyeswa za shifiti iliyonse zilowe m'matumba kapena m'mabelo, ziyezedwe, zilembedwe pamodzi ndi nambala ya oda. Zisiyanitseni: za mpeni pazokha, zoonongeka poyambitsa makina pazokha, zosenda kunja kwa mpukutu umene unanyowa kapena kubooka panjira pazokha, zotsalira pa kore pazokha. Chilichonse chili ndi mwini wake. Za mpukutu wobooka ndi nkhani ya wonyamula katundu ndi a inshuwalansi, si za wodula. Yezani tsiku lomwelo, chifukwa pepala limamwa chinyezi, ndipo zinyenyeswa zogona panja m'nyengo ya dzinja zimalemera kuposa mmene zinadulidwira. Sikelo ikamaonetsa zambiri kuposa masamu, pali chotaya chimene simunachione. Ikamaonetsa zochepa kwambiri, funsani kuti zinazo zikutulukira pati.

Funso limenelo likutifikitsa pa geti. Zinyenyeswa zili ndi ozigula: ena amazitumiza kokapanganso mapepala, ena amapangira mathireyi a mazira kapena makala a mapepala, ena amatenga zidutswa zikuluzikulu kukadula timabuku ta malisiti. Zoyera zosasindikizidwa zimagulidwa bwino kuposa zosakaniza, choncho musazithire m'thumba limodzi ndi za inki. M'makampani ena aang'ono ndalama imeneyi amaisiyira anyamata a ku makina ngati ya sopo. Cholinga chake n'chabwino, koma taganizani: munthu amene dzanja lake lili pa mpeni ndi yemweyo amene amapindula zinyenyeswa zikachuluka, ndipo chidutswa chikakula mtengo wake kunja umakweranso. Simukufunika kuganizira aliyense zoipa kuti muone kuti dongosolo limenelo lapendekeka. Zinyenyeswa zigulitsidwe ndi kampani, pa sikelo, ndi lisiti, woyeza akhale wina osati wodula. Ya sopoyo musawalande. Ipitirire kuperekedwa, koma ichokere pa makilogalamu amene shifiti yapulumutsa poyerekeza ndi mwezi woyamba uja munayeza, ndipo manambala ake azipachikidwa pakhoma pafupi ndi makina Lachisanu lililonse kuti aliyense aziwerengera yekha.